Mtengo wa Madzi a m'Mipopi: Amaukonza Ndani, Nanga Amauwerengera Bwanji?

Phunziro lathu la masabata awiri ano likunena za kalata ija imene imafika pakhomo pa anthu a m'tauni mwezi ndi mwezi, imene tonse timaitcha bilu ya madzi. Ambiri akailandira amangoyang'ana chiwerengero chomaliza, napukusa mutu, nati: "Madzi anatipatsa ndi Mulungu, nanga ife tikulipiranji?" Funso limeneli si lachibwana ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti munthu wosadziwa m'mene mtengo wa madzi umakonzedwera sangathe kusiyanitsa pamene akulipira zoyenera ndi pamene akumudyera masuku pamutu. Ndipo amene amapwetekedwa koposa ndi umbuli wotere ndi amphawi, amene kawirikawiri amagula ndowa ya madzi modula kupambana olemera. Tsono tiyeni tione mwadongosolo chimene timalipira, amene amakonza mtengowo, ndi njira imene amatsata poukonza.

I. TIMALIPIRA CHIYANI?

Munthu wotunga ndi ndowa yake pagombe la mtsinje wa Shire, palibe amene amamufunsa ndalama. Chimene timalipira pa mpopi ndicho ulendo wa madziwo: kuwatunga, kuwayeretsa, kuwakweza ndi kuwafikitsa pakhomo.

Taonani mzinda wa Blantyre. Mzindawu unamangidwa pamwamba pa mapiri, pamene Shire akuyenda m'munsi m'chigwa. Madzi ambiri amene amamwedwa ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Chirimba amatengedwa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita ngati 40 kuchokera mumzinda, ndipo makina ayenera kuwakankha chokwera mamita ngati 800, kudzera pa Chileka, kuti afike m'mathanki a pamwamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero mayi wosenza ndowa ya malita 20 ali ndi makilogalamu 20 pamutu. Muyeso umene umalembedwa pa bilu, wotchedwa kiyubiki mita, ndi malita 1,000, ndiye kuti ndowa 50 zotere, kapena migolo isanu. Ganizani tsono mphamvu yofunika kukweza ndowa 50 kuchokera ku Shire kufika ku Ndirande, ndipo osati kamodzi kokha, koma usana ndi usiku, kwa anthu a mzinda wonse. Mphamvu imeneyo ndi magetsi, ndipo magetsi amagulidwa. Ndicho chifukwa chake mtengo wa magetsi ukakwera, wa madzi umautsata m'mbuyo.

Mzinda uliwonse uli ndi katundu wake. Ku Zomba madzi a m'damu la Mulunguzi amatsika okha kuchokera kuphiri, ndipo safuna kukankhidwa kwambiri. Ku Lilongwe madzi amasungidwa m'madamu awiri a ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalangoyo ikadulidwa ndi ootcha makala, mvula imakokolola dothi, madzi amafika ali matope, ndipo pamafunika mankhwala ochuluka kuti ayere. Chotero thumba la makala logulidwa motsika mtengo lero limabweranso mawa pa bilu ya madzi.

Kuwonjezera pa magetsi ndi mankhwala, pali malipiro a antchito, kukonza mapaipi ophulika, ndi kubweza ngongole zimene zinatengedwa pomanga madamu ndi mathanki. Mankhwala, mapampu ndi zipangizo zambiri zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Choncho pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinadula nthawi yomweyo. Chomaliza, ndipo chimene chimaiwalika msanga, ndi ndalama yosungira mtsogolo, pakuti paipi iliyonse ndi pampu iliyonse ili ndi tsiku lake lakutha.

II. AMAKONZA MTENGO NDANI?

Inu a kumudzi, nkhani iyi musayese kuti ndi ya a m'tauni okha. Pamene komiti ya mjigo isonkhana pansi pa mtengo, niwerenga mabanja otunga pamjigopo, niganizira mtengo wa marabala ndi malipiro a mmisiri, nigamula kuti banja lililonse lizisonkha mwakuti pa mwezi, koma agogo osowa owathandiza asasonkhe, komitiyo yachita ntchito yomweyo imene akuluakulu a mizinda amachita. Kusiyana kwake ndi kukula kwa ziwerengero basi.

M'maiko ambiri ntchito imeneyi ili m'manja mwa maboma ang'ono, ndiwo makhonsolo a mizinda ndi a matauni, amene makhansala ake amasankhidwa ndi anthu. Kuno kwathu ku Malawi ntchitoyi inagawidwa pawiri.

Madzi akumwa a m'mizinda ndi m'matauni amayendetsedwa ndi mabungwe asanu a Boma. Awiri ndi akale: la ku Blantyre linayamba mu 1929, la ku Lilongwe mu 1947. Lamulo lotchedwa Waterworks Act la 1995 linakonzanso awiriwa, niliwonjeza ena atatu, a chigawo cha Kumpoto, cha Pakati ndi cha Kumwera. Bungwe lililonse limawerengera zimene lidzaononga, nilipempha mtengo umene likufuna. Koma mtengowo sugwira ntchito kufikira Boma, kudzera mwa nduna yoona za madzi, litavomereza.

Kuchotsa zonyansa za m'zimbudzi ndi m'mabafa ndi nkhani ina. Ngakhale lamulo la 1995 linapatsa mabungwe a madzi mphamvu pa ntchito imeneyinso, kwa zaka zambiri makhonsolo a mizinda ndiwo anapitiriza kuiyendetsa. Khonsolo imapeza ndalama zake zambiri ku msonkho wa malo ndi nyumba, umene lamulo la maboma ang'ono la 1998 limailola kutolera molingana ndi mtengo wa nyumba iliyonse.

Kudziwa zimenezi nkofunika, pakuti munthu wopita ndi dandaulo pa khomo lolakwika amabwerako chimanjamanja. Za bilu ya madzi, funsani bungwe la madzi ndi phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo. Za msonkho wa mzinda ndi m'mene ukugwirira ntchito, funsani khansala wanu.

III. KAWERENGEDWE KAKE

Kaya wokonza mtengo ndi khonsolo, kaya ndi bungwe la madzi, masamu ake ndi amodzi, ndipo ali ndi masitepe atatu. Poyamba amaphatikiza zonse zimene adzaononga m'chaka chikudzacho. Kachiwiri amayerekeza kuchuluka kwa madzi amene adzagulitsa. Kachitatu amagawa katunduyo pakati pa ogula.

Tiyeni tiyerekeze ndi tauni yongoganizira, ndi ziwerengero zongophunzirira. Tinene kuti ntchito yonse ya madzi m'tauniyo imadya K900,000,000 pa chaka, ndipo makina amatulutsa makiyubiki mita 900,000. Madzi onsewo akagulitsidwa, kiyubiki mita imodzi idzakhala K1,000, ndiye kuti ndowa imodzi K20. Koma tinene kuti gawo limodzi mwa magawo atatu latayika panjira, ndipo ogulitsidwa ndi makiyubiki mita 600,000 okha. Magetsi analipiridwa kale, mankhwala anathiridwa kale, antchito akudikira malipiro awo. K900,000,000 ija siichepa. Tsopano kiyubiki mita yafika K1,500, ndipo ndowa ndi K30. Palibe chimene chawonjezeka pa madzi a munthu wokhulupirika uja, komabe akulipira theka lina pamwamba.

Chitsanzochi sichili kutali ndi zenizeni. M'mizinda yathu ikuluikulu, madzi otayika chotere amafika gawo limodzi mwa atatu, ndipo pena amapyola pamenepo. Amatayika m'njira zitatu: mapaipi okalamba amene amadontha pansi pa nthaka, mamita oonongeka amene sawerenga bwino, ndi anthu olumikiza mapaipi mwakuba usiku. Palinso njira yachinayi imene imafanana ndi kutayika, ndiyo ya amene amamwa madzi koma osalipira; ndipo si chinsinsi kuti pakati pa a ngongole zazikulu kwa mabungwe a madzi pakhala palinso maofesi a Boma lomwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mamita olipiriratu anabwerera.

Makolo athu anati madzi akatayika saoleka. Pa nkhani ino tiwonjezepo kuti ngakhale saoleka, amalipiridwa ndithu, ndipo wolipira ndi iye amene sanawataye.

IV. KUGAWA KATUNDU

Sitepe yachitatu ndiyo yovuta, pakuti apa masamu amathera ndipo chilungamo chimayambira. Mtengo umodzi kwa onse ungaoneke wolungama, koma sutero: mayi wamasiye amene akufuna madzi ophikira ndi osambitsa ana sangafanane ndi fakitale yopanga zakumwa imene imasandutsa madziwo malonda.

Chifukwa chake ogula amaikidwa m'magulu. Pali mabanja, pali masukulu, zipatala ndi maofesi, pali masitolo, mahotela ndi mafakitale, ndipo pali mipopi ya onse, imene timaitcha makiyosiki. Kawirikawiri a malonda amalipira mtengo wokwera pa kiyubiki mita, kuti phindu lochokera kwa iwo lipepukitse katundu wa mabanja. Koma apanso pali malire. Mtengo wa a malonda ukakwera mopitirira, fakitale imakumba chitsime chake nileka kugula, ndipo ndalama imene inkathandiza amphawi imapita nayo. Kapena imakweza mtengo wa katundu wake, ndipo mphawi yemweyo amalipira pogula buledi.

Bilu ya banja nthawi zambiri ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ndalama yokhazikika ya pa mwezi, imene imalipiridwa ngakhale mpopi usanatsegulidwe, chifukwa paipi, mita ndi wowerenga mita zilipobe. Mbali yachiwiri imatsata mita, ndipo imakwera ngati makwerero: madzi oyamba, amene banja silingakhale popanda iwo, ndi otsika mtengo, otsatira ndi okwererapo, ndipo opyola pamenepo, othirira kapinga ndi kutsukira magalimoto, ndiwo odula koposa. Cholinga chake ndi chabwino: kuteteza wosauka ndi kulanga woononga.

Komatu mita imawerenga madzi, siwerenga anthu. Tibwerere ku tauni yathu yongoganizira ija. Tinene kuti makiyubiki mita 5 oyamba ndi K800 iliyonse, 15 otsatira ndi K1,200, ndipo opyola 20 ndi K2,000. Banja lokhala lokha kumpanda, logwiritsa makiyubiki mita 10, lidzalipira K10,000, ndiye K1,000 pa iliyonse. Tsono pa poloti ina pali mabanja asanu ndi limodzi a lendi, onse otunga pa mpopi umodzi, lililonse makiyubiki mita 6 okha. Mita iwerenga 36, ndipo bilu ikhala K54,000, ndiye K1,500 pa iliyonse. Amene amagwiritsa madzi ochepa, ndipo ndi osauka, alipira mtengo wa anthu oononga. Lamulo lokonzedwa kuti liwateteze lawagwira mwendo.

Chimodzimodzi pa kiyosiki. Bungwe la madzi limagulitsa madzi kwa makiyosiki pa mtengo wotsika, koma asanafike m'ndowa pamaikidwa malipiro a wogulitsa ndi a oyang'anira. Ndipo kumene kiyosiki ili kutali, kapena yauma, anthu amagula kwa mnansi amene ali ndi mpopi, kapena kwa anyamata a njinga ndi mawilibala. Njira yoyesera ndi yapafupi, ndipo mwana wa sukulu angaichite: tengani mtengo wa ndowa ya malita 20, muuchulukitse ka 50, ndipo mudzapeza mtengo wa kiyubiki mita; kenaka muuyerekeze ndi umene walembedwa pa bilu ya mwini mpopi. Ndowa ya K100 ndiye kuti kiyubiki mita ya K5,000. Ambiri akachita masamu amenewa amadzidzimuka.

Apa tikuphunzira kuti chimene chimathandiza mphawi koposa si kutsitsa mtengo wa pa bilu kokha, pakuti iye bilu alibe. Chimene chimamuthandiza ndi kufikitsa paipi kumene iye akukhala, ndi kupeputsa ndalama yolumikizira mpopi.

V. MADZI AKUDA

Walira mvula walira matope. Mzinda umene walandira madzi a m'mipopi walandiranso ntchito yochotsa madzi omwewo atadetsedwa. Ntchito imeneyi ndi yodula, pakuti mapaipi a suweji ndi aakulu, amakumbiridwa mozama, ndipo kumapeto kwake payenera kukhala malo oyeretsera zonyansazo zisanatayidwe mumtsinje, monga a ku Soche ndi ku Limbe mu Blantyre, kapena a ku Kauma mu Lilongwe.

Vuto nlakuti pa paipi yotulutsa zonyansa sipaikidwa mita. Nanga mtengo wake upezeka bwanji? Makhonsolo amatsata njira zitatu. Yoyamba ndi kuwerengera kuchokera pa madzi olowa, poganiza kuti ambiri mwa iwo amatulukanso. Mzinda wa Cape Town, mwa chitsanzo, pa mitengo yake ya 2018 unkawerenga kuti 70 peresenti ya madzi olowa m'nyumba ya banja amabwerera m'suweji, otsalawo athera kudimba ndi m'mphika, pamene kwa a malonda unkawerenga 95 peresenti. Njira yachiwiri ndi kulipiritsa molingana ndi kukula kwa poloti kapena mtengo wa nyumba, kapena kungotapa pa msonkho wa mzinda. Njira yachitatu ndi ya mafakitale: madzi awo amayesedwa kuti aone ukali wa zonyansa zake, pakuti madzi ochokera kophera ng'ombe kapena kofufutira zikopa amavuta kuyeretsa kupambana a m'bafa, ndipo nkoyenera kuti wodetsa kwambiri alipire kwambiri.

M'mizinda ya dziko lathu nyumba zolumikizidwa ku suweji ndi zochepa ndithu. Anthu ambiri ali ndi zimbudzi zokumba, ndipo zikadzaza amalipira okha wodzapopa. Wina angafunse tsono kuti: "Ine suweji sindiigwiritsa, msonkho wanga upitirenji kumeneko?" Yankho lake lili m'mtsinje. Paipi ya suweji ikaphulika nitayira mu Mudi, zonyansazo sizifunsa kuti wolipira ndani. Zimapita kwa amene akuchapa ndi kutunga kumunsi. Mliri wa kolera umene unabuka mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi mu Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ukhondo wa mzinda ndi wa onse kapena si wa aliyense. Koma chilungamo chomwecho chikufunanso kuti msonkho wa onse usathere pa mapaipi a anthu ochepa okha, pamene a zimbudzi zokumba asiyidwa adzionere okha.

VI. ZIMENE TINGAPHUNZIRE KU SOUTH AFRICA

Ambiri mwa inu muli ndi ana ndi abale ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, amene amalipira madzi kumeneko. Dziko limenelo nlothandiza pa phunziro lathu, chifukwa kumeneko makhonsolo eni ake ndiwo amagamula mitengo ya madzi ndi ya suweji, ndipo malamulo analemba poyera njira yoyenera kutsata.

Chaka cha ndalama cha makhonsolo awo chimayamba pa 1 July. Lamulo la 2003 loyendetsera chuma cha makhonsolo limalamula kuti ndondomeko ya zachuma, pamodzi ndi mitengo yatsopano, iperekedwe ku khonsolo patatsala masiku osachepera 90 chakacho chisanayambe. Kenaka imalengezedwa kwa anthu, amene amaloledwa kupereka maganizo awo, ndipo pambuyo pake makhansala amavota. Lamulo lina, la 2000, limatchula mfundo zimene mitengo iyenera kutsata: ogula asamalidwe mosakondera, munthu alipire molingana ndi zimene wagwiritsa, mabanja osauka asamanidwe madzi ofunika pa moyo, mtengo ufanane ndi zimene ntchitoyo imadyadi, ndipo ngati gulu lina likuthandizidwa ndi ndalama za gulu lina, zimenezo ziululidwe poyera.

Mu 2001 Boma la dzikolo linakhazikitsa madzi aulere okwana malita 6,000 pa banja pa mwezi, powerengera malita 25 pa munthu pa tsiku m'banja la anthu asanu ndi atatu. Koma msampha wa mpopi umodzi uja unaonekeranso. Anthu a ku Phiri, dera la ku Soweto, kumene poloti imodzi imakhala ndi mabanja angapo, anakasuma kuti madziwo ankatha mwezi usanathe, ndipo mita yolipiriratu inkatseka mpopi. Mlandu umenewu, wodziwika ndi dzina la Mazibuko, unafika ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene mu October 2009 linagamula kuti mzinda wa Johannesburg sunaphwanye lamulo. Anthuwo sanapambane, komabe mlanduwo uli mkati, mzindawo unawonjezera madzi aulere kwa mabanja olembedwa m'kaundula wa osauka. Kufunsa kwawo sikunapite pachabe.

Phunziro lina linachokera ku Cape Town. Pa chilala chachikulu, kuyambira pa 1 February 2018, munthu aliyense analoledwa malita 50 okha pa tsiku. Anthu anamvera, nachepetsa madzi kwambiri. Koma pogula madzi ochepa, ndalama zolowa ku khonsolo zinachepanso, pamene mapaipi, antchito ndi ngongole zinali zomwezo. Mzindawo unakweza mitengo, ndipo mu July chaka chomwecho unaika ndalama yokhazikika ya pa mwezi molingana ndi kukula kwa paipi yolowa pakhomo. Ambiri anaipidwa, poona ngati alangidwa chifukwa cha kumvera. Koma amene wamvetsa gawo lachitatu la phunziro lino aona chifukwa chake: mbali yaikulu ya zimene ntchito ya madzi imadya siisintha, kaya anthu amwa ambiri kaya ochepa.

VII. MTENGO WOLUNGAMA NDI UDINDO WATHU

Mu July 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Mu 2015 Papa Francis, m'kalata yake yotchedwa Laudato si', anaphunzitsa chimodzimodzi, nachenjeza za kusandutsa madzi malonda wamba. Chiphunzitso chimenechi sichitanthauza kuti ntchito ya madzi ilibe mtengo. Chitanthauza kuti munthu asafe ndi ludzu kapena ndi kolera chifukwa chosowa ndalama, ndipo kuti okhoza kulipira asenze mbali ya osakhoza.

Tichenjere tsono ndi mbali zonse ziwiri. Mtengo wokwera mopyola umabweza amphawi ku zitsime zosatetezeka ndi ku mitsinje yodetsedwa. Koma mtengo woumirizidwa kukhala pansi kwa zaka zambiri, pofuna kukondweretsa anthu, nawonso umapweteka: mapaipi sakonzedwa, mipopi imauma, madera atsopano safikiridwa, ndipo pamapeto pake mtengo umadzalumpha kamodzinkamodzi. Wolemera amagula thanki nasunga madzi. Wosauka amadzuka usiku kukaima pa mzere. Mtengo wolungama ndi umene ukwanitsa ntchito yoyendetsedwa mosamala, popanda kulipiritsa anthu chifukwa cha ulesi kapena katangale wa oyendetsa, ndipo ugawidwa molingana ndi mphamvu za aliyense.

Pa zimenezi ife tili ndi zochita zathu. Choyamba, tilipire bilu pa nthawi yake, ndipo parishi, sukulu ndi chipatala cha mpingo zikhale patsogolo. Chachiwiri, tidziwe kuti kulumikiza paipi mwakuba kapena kuseweretsa mita ndi kulakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu. Wakuba wotere amayesa kuti wabera bungwe, pamene wabera mnansi wake wokhulupirika. Chachitatu, eni nyumba za lendi aonetse bilu kwa alendi awo, naigawe moona. Ndipo wogulitsa madzi kwa anansi pa nthawi ya kusowa asasandutse ludzu la anzake munda wake. Chachinayi, tikaona paipi yophulika, tikanene msanga. Chachisanu, tiphunzire kuwerenga mita yathu, tipite ku misonkhano ya khonsolo ndi ya mabungwe oyang'anira makiyosiki, ndipo mtengo ukamakwera tifunse mwaulemu koma mosaopa: Ndalama zowonjezerazo zikagwira ntchito yanji? Madzi otayika achepa bwanji chiyambire kukweza kwapita? Amene ali ndi ngongole zazikulu alipira liti? Ndi madera ati amene alandira mapaipi chaka chino?

MAFUNSO OKAMBIRANA

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndi malimana awerenge phunziroli ndi akhristu awo, nakambirane mafunso awa:

1. Tchulani zinthu zisanu zimene ndalama ya bilu ya madzi imalipira.
2. Ndani amakonza mtengo wa madzi kwanuko, ndipo ndani amayang'anira za zimbudzi ndi suweji?
3. Ndowa ya malita 20 ikugulidwa ndalama zingati m'dera lanu? Chulukitsani ka 50, ndipo muyerekeze ndi bilu ya amene ali ndi mpopi pakhomo.
4. Chifukwa chiyani mabanja ambiri otunga pa mpopi umodzi amalipira mtengo wokwera?
5. Kodi m'mphakati wanu muli okalamba, odwala kapena amasiye amene amalephera kugula madzi kapena kusonkha za mjigo? Mudzawathandiza bwanji mwezi uno?